Oyeza utsi wa laser anabwera kuwekishopu kwathu: njira zina n'zoyenera ndalama, zina n'zongokometsa lipoti

Iyi ndi ya anzanga amene muli m'mawekishopu odula zinthu ndi laser kuno ku Joni, makamaka ma safety rep ndi masupavaiza amene abwana amangokutumani kuti tafunsani mitengo kenako n'kukusiyani nokha ndi mapepala a chizungu cholimba. Kwathu ku Wadeville tinaitana kampani ina yoyeza mpweya wa pantchito kuti idzaone utsi womwe timapuma, dzina lake ndisunga chifukwa pali zingapo zoti ndiidandaule, koma kunena chilungamo ntchito anaigwira ndipo ndikhoza kuwaitananso. Nkhani yagona pa njira zoyezera zomwe mwalipirira. Njirazi zilipo zambiri ndipo iliyonse ili ndi chomwe imaona ndi chomwe siona, nde mukasankha yotchipa ija mulandira lipoti lokongola loti zonse zili bwino pomwe chomwe chimavulaza munthu pa laser sichinayezedwe n'komwe.

Makina tili nawo awiri. Aakuluwo ndi fiber laser, amadula mild steel, stainless ndi malata a galvanized, ndiye kuseri kuli ena ang'ono a laser ya CO2 omwe amadula acrylic (pulasitiki yooneka ngati galasi) ndi MDF (matabwa a utuchi womata) za ma sign ndi mashelefu a m'mashopu. Amene munagwirapo grinder mukudziwa fumbi lake, limaoneka, limakuda m'mphuno, ukamina umaliona pa tishu. Laser ndi ina. Iyo simapala chitsulo, imachisungunula mpaka china chimasanduka nthunzi, nthunziyo ikazizira m'mwamba imaundana n'kukhala tizidutswa tochepa kuposa micron imodzi, tambiri sitifika ngakhale 0.1 micron, pomwe tsitsi la munthu limakhala cha m'ma micron 70 kunenepa kwake. Toterotu mphuno sigwira, timapita mpaka pansi pa mapapo.

Za malamulo ndingodutsapo. Kuno ku South Africa kuli Occupational Health and Safety Act ya 1993 ndi malamulo ake a Hazardous Chemical Agents a 2021, ndipo woyeza amayenera kukhala Approved Inspection Authority wovomerezedwa ndi a Department of Employment and Labour. Funsani satifiketi yawo ya SANAS, bungwe lovomereza oyeza ndi malabu kuno, funsaninso ngati labu yomwe amatumizako masampulo ili ndi satifiketi ya malabu ya ISO 17025, chifukwa obwera ndi mapampu ndi ena, opima m'labu nthawi zambiri ndi enanso. Athuwa mapepala onse anali nawo, anatumiza pa imelo tisanakumbutse, apa ndiwayamike.

Kotesheni yawo yoyamba inali ya fumbi basi, inhalable (lonse lolowa m'mphuno ndi m'kamwa) ndi respirable (lofika pansi pa mapapo), kuyeza kulemera kwake. Njira imeneyi ndi yakale komanso yodalirika pa ntchito yake, m'lipoti amalemba kuti atsata MDHS 14/4 ya ku UK kapena NIOSH 0600 ya ku America. Amakumangirira kapampu pa lamba, kapayipi kamadutsa kumsana n'kukwera paphewa, kumapeto kwake kuli kamutu kotchedwa IOM komwe amakanikiza pa kolala ya ovolosi pafupi ndi mphuno, mkati muli kafyuluta ka mamilimita 25. Pampu imakoka malita 2 pa mphindi shifiti yonse, imangolira chapansipansi kuti drrr, umaiwala kuti ilipo mpaka utafuna kukhala pansi. Ena amavala ka cyclone m'malo mwa IOM, kameneka kamazunguza mpweya kuti fumbi lalikulu ligwere pansi n'kutsala lokhalo lofika m'mapapo, la cha m'ma micron 4 kutsika m'munsi. Madala ena akwathu amene amatsitsa mapuleti pa fiber anakana kaye kuvala, akuti achimwene kameneka sikajambula mawu kupita nawo kwa abwana? Mayi amene anabwera kudzayezayo anachita kutsegula kamutu kaja n'kuwaonetsa kuti taonani bambo muli kapepala koyera kokha, madala anavala koma tsiku lonse sanayankhule zambiri.

Mayi ameneyu ndi amene anandipangitsa kuikhulupirira kampaniyi. Pampu iliyonse anaiyesa ndi calibrator m'mawa asanamangirire munthu ndi madzulo atachotsa, n'kulemba manambala onse awiri pamaso pathu, akuti zikasiyana kupitirira 5 peresenti sampulo imeneyo amataya. Anabweranso ndi mafyuluta ena omwe anangowatsegula n'kutsekanso osakokera mpweya, amati ma blank, kuti ku labu adziwe kuti kulemera kwina kwachokera ku chinyezi kapena pa ulendo osati pa utsi. Mukaona woyeza wabwera opanda ma blank dziwani kuti mwagula mapepala.

Ku labu fyuluta ija amaisiya kaye m'chipinda choti kutentha ndi chinyezi sizisinthasintha, kenako amaiika pa sikelo yowerenga ma microgram (1,000 amapanga milligram imodzi) n'kuchotsera kulemera komwe inali nako isanagwire ntchito. Zotsatira zathu zinatuluka pansi kwambiri, mafyuluta ena a ku CO2 analembedwa kuti kulemera kwake sikunafike pomwe sikelo ingadalirike. Abwana ataona anasangalala, amvekere you see, extraction yathu ndi yabwino. Koma taganizani masamu awa. Kadutswa kakakula ka 100 m'mimba mwake, kulemera kwake kumakula ka 100 x 100 x 100, ndiye kuti kadutswa kamodzi ka ma micron 10 kamalemera chimodzimodzi ndi tizidutswa 1,000,000 ta 0.1 micron. Fumbi lochepa chabe la grinder ya pakona likagwera pa fyuluta limaphimbiratu utsi wonse wa laser pa sikelo, ndipo likapanda kugwera sikelo imangoti palibe kanthu. Zili ngati kufuna kudziwa kuchuluka kwa udzudzu m'nyumba pouika pa sikelo ya chimanga. Sindikuti njirayi ndi yachabe ayi, lamulo limaifuna ndipo manambala ake ndi amene amayerekezedwa ndi malire ovomerezeka, koma payokha pa laser ndi yakhungu.

Tinakankha kuti awonjezere zina, abwana ananyinyirika koma anasaina.

Choyamba chomwe anabweretsa ndi DustTrak ya kampani ya TSI, kabokosi kokhala ndi sikirini komwe kamaonetsa manambala pompopompo. Mkati muli kuwala, fumbi likamadutsa limamwaza kuwalako ndipo makina amayerekeza kuti fumbi lochuluka chonchi likhoza kulemera mwakuti. Anyamata anakakonda kameneka chifukwa umaona nambala ikukwera uli pomwepo. Koma mayi uja ananeneratu yekha kuti musatenge nambala imeneyi ngati ya kukhoti, ku fakitale amakakonza ndi fumbi la mchenga lotchedwa Arizona test dust, lomwe silifanana ndi utsi wa chitsulo pa mtundu, kukula ngakhale kulemera, ndiye nambala ikhoza kukwera kapena kutsika mopitirira pokhapokha utaika fyuluta pambali pake n'kukonza ndi zotsatira za ku labu. Chinanso tizidutswa tosafika 0.1 micron sitimwaza kuwala kokwanira, kabokosi sikationa. Ndiye ndi kabwino pofuna kudziwa nthawi ndi malo omwe utsi ukuthawira, osati kuchuluka kwake kwenikweni.

Komwe ndinaona kuti ndalama zagwira ntchito ndi pa kachipangizo kowerenga tizidutswa, condensation particle counter, ambiri amangoti CPC. Aka sikayeza kulemera, kamawerenga kamodzikamodzi. Mkati muli kachingwe konyowa ndi isopropyl alcohol, mpweya ukalowa nthunzi ya alcohol imamatirira pa tizidutswa tija mpaka timakula n'kuoneka pa kuwala, ndipo kam'manja komwe anabwera nako kamayambira pa ma nanometer 10 (0.01 micron) mpaka micron imodzi, ndendende dera lomwe sikelo ndi DustTrak zimalephera. Kamafuna kukagwira mowongoka, ukakapendeketsa alcohol amalowa pagalasi n'kuyamba kunama, nde mayi uja amayenda nako ngati wanyamula kapu yodzadza. Anayamba kuwerenga m'mawa makina asanayatsidwe kuti adziwe mpweya wamba wa m'wekishopu uli pati, ku Germiston kuno mpweya wa panja nawonso si woyera. Fiber ikudula chitseko chili chotseka nambala imakwera pang'ono chabe, kusonyeza kuti fani yokoka utsi ikugwiradi ntchito monga abwana amanenera. Koma opareta akangotsegula chitseko laser itangozima kumene, nambala imalumpha kangapo konse n'kutenga nthawi kuti itsike, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe munthu walowetsa mutu mkati kuti aone ngati mbali zaduka bwino. Pa CO2 zinali chimodzimodzi, mnyamata amatukula chivundikiro nkhope ili pomwepo. Ndiye panali pokhuthula kabati ya fumbi ya pansi pa mafyuluta a fani yokoka utsi, ndi chizolowezi chathu choipa chopemerera tebulo ndi payipi ya kompuresa, apa nde manambala anachita kupenga. Zonsezi pa fyuluta ya maola 8 zimasungunuka mu avereji, sungazione.

Chofooka chake CPC sikadziwa kuti kadutswa kachokera kuti. Folokolifiti ya dizilo itadutsa pakhomo nambala inakwera kuposa ya laser, wina atayatsa fodya kuseri kwa khomo inakweranso, ndiye woyeza akapanda kuima pomwepo ndi kabuku n'kumalemba kuti nthawi yakuti kwachitika chakuti, girafu yake ndi yopanda ntchito. Komanso malire a m'malamulo amalembedwa mu kulemera, mulibe mzere woti tizidutswa tikapitirira apa mwalakwa, ndiye m'lipoti zotsatira za CPC anaziika kumapeto ngati zongowonjezera. Kwa ine ndi zomwe zinasintha kagwiridwe kathu ka ntchito kuposa tsamba lina lililonse. Pano timadikira kaye pang'ono fani ikoke tisanatsegule, kompuresa pa tebulo tinaletsa, tinagula vacuum ya fyuluta ya H13 yogwira ngakhale tizidutswa tating'ono, ndipo wokhuthula kabati amavala masiki ya FFP3 osati ija ya pepala ya tizingwe tiwiri.

Tibwere ku zitsulo, pomwe ndikufuna mumvetsere bwino amene mumadula stainless. Kudziwa kuti fumbi likulemera bwanji ndi kwina, kudziwa kuti muli chiyani ndi kwinanso. Pa izi amatenga fyuluta ya mtundu wa MCE, ku labu amaisungunula mu asidi n'kuipopera m'makina a ICP, omwe amatentha madziwo mu plasma n'kuwerenga chitsulo chilichonse pachokha, njira yake ndi NIOSH 7300 kapena inzake 7303. Sampulo imodzi imakupatsa iron, manganese, nickel, chromium, zinc ndi zina zambiri, ndipo poyerekeza ndi mtengo wake iyi nde ndi ya bwino kwambiri, osaisiya. Manganese ali mu mild steel wamba ndipo akachuluka m'thupi kwa zaka amawononga mitsempha, munthu amayamba kunjenjemera manja. Zinc wa pa malata a galvanized ndi amene amabweretsa ija amati metal fume fever, umaweruka bwinobwino kenako usiku thupi kutentha, kuzizidwa, mutu, mafupa kuphwanya, m'kamwa kukoma chitsulo, pakapita tsiku limodzi kapena awiri zatha. Ife a kumudzi timathamangira kuti ndi malungo, ena amayamba kufunsa amene wabwera ndi LA kuchokera kwathu, osadziwa kuti ndi malata anadula masana. Ndipo zoti ukamwa mkaka utsi sukugwira ndi bodza amangwetu, mkaka umapita m'mimba utsi umapita m'mapapo.

Koma ICP ili ndi msampha wake. Imakuuza chromium yense pamodzi, siisiyanitsa chromium 3 yemwe alibe vuto lalikulu ndi chromium 6 yemwe amayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo chromium 6 amapangika ndithu stainless ikatenthedwa kwambiri pali mpweya. Kuti umupeze pamafunika sampulo yakeyake pa fyuluta ya PVC, ndi njira ina ya ku labu ya ion chromatography, monga OSHA ID-215 kapena NIOSH 7605, ndipo sampuloyo siifuna kugonekedwa m'galimoto, ikachedwa chromium 6 amasintha n'kukhala 3 fyuluta ili m'kabokosi, nde zotsatira zimatsika zokha. Taonani kusiyana kwa malire. Ku UK fumbi wamba la inhalable amayamba kuliwerengera ngati vuto pa ma milligram 10 pa cubic metre, pomwe ku America malire a chromium 6 kuyambira 2006 ndi ma microgram 5, kuchepa ka 2,000. Ndiye kuti fyuluta ikhoza kuoneka yoyera, sikelo n'kunena kuti muli pansi kwambiri, chromium 6 atadutsa kale malire. Apa ndi pomwe kampaniyi inandikhumudwitsa. Pa fomu yawo tinalemba momveka kuti timadula stainless, koma ngakhale pa kotesheni yachiwiri chromium 6 panalibe mpaka titafunsa tokha, ndipo yankho la wa ku ofesi linali loti makasitomala ambiri safuna chifukwa ndi yodula. Ndi yodula zoona. Koma kusankha kumeneko kunali kwathu, iwo ntchito yawo inali kutiuza. Mu 2017 a IARC, bungwe la WHO lofufuza za khansa, anaika utsi wa kuwotcherera m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, utsi wa laser si womwewo ndendende koma zitsulo zake ndi zomwezo, munthu wa ntchito imeneyi sangati sakudziwa.

Ku mbali ya CO2 nkhani si zitsulo koma mpweya, ndipo fyuluta siigwira mpweya, umangodutsa. Mayi uja anayamba ndi PID, kachipangizo kam'manja kokhala ndi nyale ya UV komwe kamapereka nambala imodzi ya ma VOC onse pamodzi, kutanthauza mankhwala ouluka ngati nthunzi. Pa acrylic kanalira kwambiri. Acrylic akatenthedwa amabwerera ku mankhwala omwe anapangidwa nawo, methyl methacrylate, fungo lija lotsekemera lobaya lomwe mumalimvanso ku saluni ya zikhadabo. Anyamata onse dandaulo lawo linali pa fungo limeneli, koma chodabwitsa n'choti mphuno imalimva lisanafike ngakhale 1 ppm (gawo limodzi pa magawo 1,000,000 a mpweya) pomwe malire ake ku UK ndi 50 ppm pa maola 8, ndiye chomwe chimanunkha kwambiri m'wekishopu mwathu chinapezeka kuti si chomwe chili pafupi ndi malire. Limapweteketsabe mutu ndi maso, sindikulichepetsa.

Pa MDF PID yomweyo siingadaliridwe. MDF amamata ndi guluu wa urea formaldehyde, laser ikawotcha formaldehyde amatuluka, ndipo nayenso ali m'gulu loyamba la IARC. Nyale ya PID wamba ndi ya mphamvu ya 10.6 eV pomwe formaldehyde amafuna mphamvu yoposa pamenepo pang'ono, cha m'ma 10.9, ndiye amadutsa osawerengedwa, kachipangizo kamangoona utsi wina wa matabwa. Munthu akabwera ndi PID yokha n'kukuuzani kuti MDF yanu ilibe vuto, mubwezeni pa geti. Njira yoyenera ndi kachubu ka DNPH, kali ndi ufa wachikasu mkati womwe umagwirana ndi formaldehyde, amakamangirira pa kolala ndi pampu yokoka pang'onopang'ono, akamaliza amakatseka n'kukaika m'cooler box ya ayisi, ku labu amakatsuka n'kuyeza pa makina a HPLC motsata NIOSH 2016. Athuwa anabwera ndi cooler box yawo, ayisi ali momwemo, zinthu zazing'ono ngati izi ndi zomwe ndimayang'ana.

Pa ma VOC enawo panali kusankha pakati pa machubu a makala ndi machubu a Tenax. A makala ndi otchipa, ku labu amawatsuka ndi carbon disulfide n'kubaya pang'ono chabe m'makina a GC, ndiye ndi abwino ngati ukudziwa kale chomwe ukufuna ndipo chilipo chambiri, monga pa sitolo ya penti. A Tenax amawatenthetsa kuti zonse zomwe agwira zilowe m'makina a GC-MS opanda kusungunula ndi madzi ena, ndiye amaona ngakhale zochepetsetsa komanso amatchula mayina a mankhwala omwe sunawaganizire, ngakhale kuti mipweya yopepuka kwambiri imawapulumuka. Pa laser ine ndingasankhe Tenax ulendo woyamba, chifukwa pulasitiki ikapsa simudziwa chituluke n'chiyani, makamaka ma sheet otchipa aja obwera opanda pepala lonena zomwe zili mkati. Mukadziwa mayina ake, maulendo otsatira mukhoza kutsikira ku njira yotchipa yolunjika pa awiri atatu omwewo. Lipoti la Tenax koma ndi lotopetsa, mndandanda wa mayina atalitali masamba awiri, ndipo sanatilembere kuti mwa amenewa oti tide nawo nkhawa ndi ati, ndinachita kuimba foni.

Machubu a Dräger aja agalasi, othyola nsonga n'kupopa ndi dzanja mtundu n'kusintha, anali nawo koma anangogwiritsa ntchito poyang'ana hydrogen chloride m'kabati ya CO2. Ndi oyeza mongoyerekeza, a pompopompo, sangalowe m'malo mwa labu. Chifukwa chomwe anayang'anira ndi choti anaona dzimbiri pa ma rail ndi pa mabawuti a mkati n'kufunsa kuti kodi munadulapo PVC? Ndipo zoona shifiti ina inkadulapo foam board ya ma sign mwakabisira. PVC pa laser imatulutsa hydrogen chloride, yemwe akakumana ndi chinyezi amasanduka asidi, amadya makina ndi mapapo omwe. Anationetsa kayesedwe kosavuta, kutenthetsa waya wa kopa mpaka kufiira, kumukhudzitsa pa pulasitiki n'kumubwezera pa lawi, likasanduka lobiriwira muli chlorine, osadula. Chitirani panja. Izi sizinali pa invoisi, anangotipatsa ulere, ndipo ndi zothandiza ngakhale kwa abale amene muli ndi timakina tating'ono ta CO2 ku Lilongwe ndi ku Blantyre todulira ma cake topper ndi zikho za mipikisano m'kachipinda kopanda windo, inu ma CPC ndi ma GC-MS mwina ali kutali koma waya wa kopa ndi payipi yotulutsa utsi panja muli nazo pafupi.

Pali njira ina yomwe anatitchulira koma sitinagule, yoyezera m'payipi yotulutsa utsi kapena m'kabokosi kotsekedwa ka mu labu, momwe amadula chinthu chimodzi pa liwiro ndi mphamvu zodziwika n'kugwira utsi wonse kuti adziwe kuti pa sekondi iliyonse mukutuluka ma milligram angati. Ofufuza ngati a Laser Zentrum Hannover ku Germany akhala akuchita zoterezi kwa zaka zambiri, ndipo n'zothandiza kwa opanga makina ndi osankha kukula kwa mafyuluta, kapena pofuna kuyerekeza kuti chitsulo ichi ndi ichi chimafuka kwambiri n'chiti. Koma siikuuzani zomwe madala aja akupuma akamatsitsa mapuleti chitseko chili pululu. Pa wekishopu ngati yathu ndi kutaya ndalama. Chimodzimodzi kujambula tizidutswa pa electron microscope, zithunzi zake n'zochititsa chidwi, timaoneka ngati timikanda tolumikizana, koma palibe chomwe tikanasintha chifukwa cha chithunzi.

Zodandaula zina ndi za ku ofesi kwawo. Lipoti linachedwa kupitirira tsiku lomwe analonjeza ndipo palibe anaimba kutiuza, tinachita kulondola tokha, chifukwa chake akuti masampulo a chromium 6 anapita ku labu ina. Litabwera linali la chizungu choti ngakhale abwana eni chizunguwo amadumpha masamba, tsamba loyamba mabokosi obiriwira okhaokha, nkhani ya chitseko ndi kabati ya fumbi ili kumapeto kwenikweni pomwe munthu wotanganidwa safika. Anthu amene anavala mapampu tsiku lonse palibe anabwera kudzawafotokozera zotsatira zawo, ndinachita kukhala nawo pansi pa nthawi ya tiyi n'kumamasulira m'Chichewa ndi m'chiZulu changa chothyokathyoka. Pa mtengo sindilemba manambala poti zimatengera anthu angati ndi masampulo angati, koma invoisi yawo inali yogawidwa bwino, tsiku la woyeza palokha, sampulo iliyonse payokha, ndiye umatha kuona kuti chodula kwambiri ndi kubwera kwa munthuyo, kuwonjezera ICP pa ulendo womwewo sikuluma ngati kumuitananso kachiwiri. Amene ndalama zili zochepa ndipo mumadula zitsulo, tengani fyuluta ya pa kolala, ICP ndi chromium 6 ngati pali stainless, kenako mukakamire kuti abwere ndi CPC ngakhale kwa theka la tsiku. Amene mumadula MDF ndi mapulasitiki yambani ndi DNPH ndi Tenax, sikelo ibwere pambuyo.

Pa 5 ndiwapatsa 4, ndipo anayiwo ambiri ndi a mayi wa mapampu uja, a ku ofesi akanakhala okha akanapeza 2. Chomwe chatsala n'choti anayeza shifiti ya masana nthawi yotentha, zitseko zonse zazikulu zili zotsegula mphepo ikudutsa. Mu June ndi July kuno kumazizira koopsa, a shifiti ya usiku amatseka ma roller door onse n'kuyatsa hita ya gasi pakati pa wekishopu, ndipo oda zazikulu za stainless nthawi zambiri zimadulidwa usiku womwewo. Ndawalembera kale kuti atipatse mtengo wa usiku umodzi wa mu July, akuti pali ndalama yowonjezera ya after hours, pepala lili pa desiki ya abwana likudikira siginecha.